Nyumba ya Mumpanda Amayamba Kuigula Ali Pageti

[NYIMBO YOTSEGULIRA, KENAKO ITSIKE]

WOULUTSA: Lero tikamba za kugulitsa nyumba, makamaka nyumba zija zogundizana mumpanda umodzi, geti limodzi, mlonda mmodzi, zimene ku Joni amati townhouse kapena flat ya mu complex. Abale athu angapo amene anakhazikika ku Midrand, Randburg, Centurion ndi Kempton Park anagula zoterezi pa ngongole ya kubanki. Ena tsopano banja lakula, zipinda ziwiri sizikukwana. Ena mtima wabwerera kumudzi, akufuna agulitse akamange ku Mzuzu kapena ku Lilongwe. Ndili ndi mayi amene ntchito yawo ndi yothandiza anthu kugulitsa nyumba m'chigawo cha Gauteng. Mayi, takulandirani.

MLENDO: Zikomo bambo, ndathokoza.

WOULUTSA: Ndiyambe ndi funso la munthu wosadziwa. Munthu akamagula nyumba amayang'ana mtengo, kukula kwa zipinda ndi dera. Nanga maonekedwe a tsiku loyamba ali ndi mphamvu yanji?

MLENDO: Pa nyumba yoima payokha, funso lanulo lili ndi nzeru ndithu, chifukwa nyumba iliyonse ili ndi pulani yake ndi bwalo lake. Koma mu complex, amene anamanga anajambula pulani imodzi kapena ziwiri n'kuzibwereza kuyambira nambala 1 mpaka kumapeto. Nyumba yanu ndi nambala 9, ndipo nambala 14 ndi nambala 22 n'zofanana nayo chilichonse: khitchini pomwepo, bafa pomwepo, masitepe pomwepo. Nthawi zambiri imodzi mwa izo imakhalanso ili pamsika. Mitengo imene anzanu anagulitsira imalembedwa ku Deeds Office, maejenti amaiona, banki imaionanso. Ndiye pa mtengo mulibe pothawira kwenikweni. Chotsala chimene chingapangitse munthu kusankha yanu n'kusiya ya mnzanu ndi zimene aone, anunkhize ndi kumva m'mphindi zoyamba zija.

WOULUTSA: Ndiye tiyambire pakhomo.

MLENDO: Ayi bambo, tibwerere m'mbuyo pang'ono. Wogula sayambira pakhomo panu. Amayambira pageti la complex, ndipo apa m'pamene pali vuto lenileni la nyumba zamtunduwu. Waima ndi galimoto, akudikira. Kabatani koimbira kaja kathyoka, mawaya ali panja. Geti likutsegula mogwedezeka, likulira. Mlonda sakudziwa kuti kukubwera alendo, ndiye akumufunsa mafunso ngati wakuba. Walowa, malo oimika galimoto za alendo onse adzaza ndi galimoto za eni nyumba, ina yaphwa matayala, fumbi lakutira galasi. Akudutsa pamalo a mabini, zinyalala zasefukira. Pamene akufika pachitseko chanu, munthu uja wachotsa kale ndalama pamtengo wanu mumtima mwake, inu musanapereke ndi moni womwe.

WOULUTSA: Koma zonse mwatchulazo si za mwini nyumba.

MLENDO: N'zake ndithu, kungoti si zake yekha. Lamulo la ku South Africa la Sectional Titles Act la 1986 limagawa malo otere pawiri. Chanuchanu ndi m'kati mwa nyumba, kulekezera pakatikati pa khoma, pakatikati pa pansi ndi pakatikati pa siling'i. Kunja kwa khoma, denga, msewu wa m'kati, mpanda, geti, dziwe losambiramo ngati lilipo, zonsezo n'za eni nyumba onse pamodzi. Eni nyumba onsewo ndiwo amapanga bungwe lotchedwa body corporate, ndipo amasankha anthu ochepa, ma trustee, oti aziyendetsa zinthu. Ndalama ija mumalipira mwezi ndi mwezi, levy, ndi imene imayenera kukonza geti lija.

Tsono apa pali zinthu ziwiri. Choyamba, simungadzuke m'mawa n'kupaka penti wa mtundu wanu kunja kwa khoma kapena kusintha chitseko cha panja chifukwa choti mukugulitsa. Maonekedwe a kunja sasinthidwa popanda chilolezo cholembedwa cha ma trustee. Chachiwiri, ndipo ichi anthu athu amachiiwala, muli ndi ufulu wonse wolemba kalata yofunsa kuti zowonongeka zikonzedwe. Ambiri a ife timakhala mu complex ngati alendi ngakhale nyumba tinagula. Kumsonkhano wa pachaka sitipita. Ma trustee sitiwadziwa nkhope. Timangolipira n'kukhala chete, mwina poopa kuti tingaoneke ovuta m'dziko la eni. Ine ndimati mukaganiza zogulitsa, miyezi iwiri kapena itatu musanaitane ejenti, tulukani panja pa geti, mulowenso wapansi ngati munthu amene sanafikepo, foni ili m'manja. Jambulani babu lopsa la pamasitepe, khoma la mpanda limene lang'aluka, udzu umene wamera pakati pa njerwa za mumsewu. Tumizani kwa kampani yoyang'anira complex ndi kwa ma trustee, mwaulemu koma molemba. Zinthu zazing'onozi zambiri zimakonzedwa msanga, chifukwa ma trustee nawonso ndi eni nyumba. Yanu ikagulidwa motchipa, mtengo wa zawo watsikanso.

WOULUTSA: Nanga akakana, kapena akangokhala chete?

MLENDO: Kuli ofesi ya boma yoona madandaulo a malo otere, Community Schemes Ombud Service, ambiri amangoti CSOS. Inakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011, ndipo kandalama kochepa ka ofesiyo kamakhala kale m'bilu yanu ya mwezi ndi mwezi. Koma kunena zoona, munthu amene akufuna kugulitsa chaka chomwechino asadalire njira imeneyo, milandu imatenga nthawi. Yambani ndi zimene mungathe ndi manja anu. Palibe amene angakuletseni kusesa kanjira kopita pakhomo panu, kuchotsa ukonde wa akangaude pamwamba pa chitseko, kapena kutsuka banga la oyilo pamalo oimika galimoto yanu. Nambala ya pachitseko ngati inagwa n'kutsala chithunzithunzi chake, gulani ina. Ndipo mlonda uja, chonde, mulankhuleni. Mumuuze tsiku ndi nthawi imene alendo abwere, dzina la ejenti, ndi pamene akaimike galimoto. Munthu woyamba amene wogula wanu akumane naye ndi iyeyo.

[KANYIMBO KAFUPI]

WOULUTSA: Mukumvera pulogalamu ya nkhani za nyumba ndi malo. Mayi, tsopano tilowe m'nyumbamo.

MLENDO: Tilowe, koma omvera andikhululukire, ndinena zinthu zina zimene kwathu sitinenerana pamaso. Chitseko chikatseguka, mphuno imalowa maso asanalowe. Fungo la m'nyumba mwanu inuyo simulimva, munalizolowera. Ife timakonda usipa, utaka, chambo chouma chimene achibale atumiza pa basi, mwakachitenga ku Park Station mosangalala. Palibe cholakwika. Koma nsomba youma ikakazingidwa m'khitchini yaing'ono yopanda chitseko, yolumikizana ndi pabalaza monga zimakhalira nyumba zimenezi, fungo limalowa m'makatani, m'masofa ndi m'kapeti, ndipo limakhala masiku. Wogula wa mtundu wina sadziwa kuti ndi ndiwo zabwino, amangoganiza kuti penapake pawola. N'chimodzimodzinso fodya, galu, mphaka, nsapato zounjikidwa kuseri kwa chitseko, ndi tawulo lonyowa. Kutatsala masiku awiri kuti anthu adzaone nyumba, phikani zina. Makatani achapeni. Mazenera atseguleni m'mawa. Ndipo musathamangire kupopera mankhwala onunkhiritsa, chifukwa fungo la maluwa pamwamba pa fungo la nsomba limangouza munthu kuti pali chimene mukubisa. Ngati muli ndi mnzanu wosaopa kukuuzani zoona, muitaneni alowe akuuzeni chimene wamva.

WOULUTSA: [AKUSEKA] Apo mwatikhudza ambiri.

MLENDO: Pali china chimene chimatikhudza kwambiri kuposa icho. Chipinda chachiwiri. M'nyumba zambiri za anthu akwathu kuno, chipinda chachiwiri ndi nkhokwe ya katundu wopita kumudzi. Zikwama zikuluzikulu zamizeremizere zija zasanjikizana mpaka kusiling'i, mabulangete adakali m'mapepala ake, njinga ya mwana, firiji yakale yodikira wa thiraki, mapoto, matayala. Mumatsegula chitseko n'kulekezera pakati chifukwa kuseri kuli katundu. Wogula akasuzumira amaona kachipinda kosakwana bedi, pamene pa pulani n'chipinda chabwinobwino. Nyumba zimenezi n'zazing'ono kale, ndipo chimene munthu akugula kwenikweni ndi malo oti apumiremo. Katundu ameneyo mudzamutumizabe. Mutumizeni panopa, nyumba isanajambulidwe. Ngati nthawi yake sinakwane, kasungitseni kwa m'bale kapena lipirani malo osungira katundu kwa miyezi ingapo. Musamukankhire m'galaja kapena m'makabati, chifukwa wogula amatsegula makabati onse, ndipo kabati yodzaza mpaka kugwetsa zinthu imamuuza kuti m'nyumba muno mosungira zinthu ndi mochepa.

Pabalaza chimodzimodzi. Masofa aja tinagula a anthu asanu ndi awiri, akuluakulu, oyenera nyumba ya ku Area 47, tawapanikiza m'kachipinda moti munthu amayenda cham'mbali. Chotsanipo imodzi kapena ziwiri. Munthu azitha kuyenda kuchoka pachitseko kukafika pazenera osagunda bondo. Matiresi a achibale ogona pabalaza asaoneke. Pamwamba pa makabati a m'khitchini pasakhale kanthu, ndipo pamalo okonzera ndiwo pasiyeni ketulo basi. Zithunzi za ukwati, za ana, makalendala a kutchalitchi, mapepala omata pafiriji, longedzani. Wogula akufuna kudziona yekha akukhala m'menemo, ndipo zimavuta pamene khoma lililonse likumuuza kuti muno ndi mwa eni ake.

WOULUTSA: Ena amati ndibwino kukonzanso khitchini yonse kuti mtengo ukwere.

MLENDO: Ine ndimawaletsa, pokhapokha ngati khitchiniyo yawonongekeratu. Kumbukirani zimene tanena zija, kuti mtengo wa nyumba yanu wamangidwa ku mitengo ya zinzake. Banki ya wogula imatumiza munthu wake kudzaona ngati nyumbayo ikulingana ndi ngongole imene akupempha, ndipo iye amayerekeza ndi zimene zagulidwa mumpanda womwewo. Mukathira ndalama zambiri pa makabati atsopano ndi matailosi odula, kawirikawiri sizibwerera zonse. Ndalama yochepa imene muli nayo ipite ku penti wa m'kati, wa mtundu wofatsa, woyera kapena wotuwirako. Khoma lofiira lija munalikonda inu, wina limutopetsa. Ipite ku mpopi wodontha, chogwirira cha kabati chimene chinathyoka, mpando wa chimbudzi wogwedera, mizere yakuda ya nguwi m'mbali mwa bafa, ndi mababu. Mababu onse ayake, ndipo akhale a kuwala kofanana. Zinthu zimenezi n'zotchipa, koma wogula akaona zitatu kapena zinayi zosakonzedwa amayamba kudzifunsa kuti nanga zimene sindikuziona zili bwanji.

Kuwala ndi nkhani ina. Johannesburg ndi mzinda wokwera, mamita opitirira 1,700 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, ndipo mu June ndi July usiku kumazizira koopsa. Anthu a kuno akamafuna nyumba amafunsa kuti yayang'ana kuti. Yoyang'ana kumpoto imalandira dzuwa m'nyengo yozizira, imafunda. Ngati yanu ili choncho, muli ndi chinthu chimene nambala 14 mwina alibe, ndiye konzani kuti anthu abwere nthawi imene dzuwa lagwa pabalaza, makatani onse ali otsegula, magalasi otsuka. Ngati yayang'ana kumwera, musaname, koma yatsani magetsi onse ngakhale masana, ndipo m'nyengo yozizira funditsani nyumbayo alendo asanafike. Ngati muli ndi inverter kapena chitofu cha gasi, zionekere, chifukwa anthu a kuno kuzimazima kwa magetsi a Eskom sanakuiwale.

WOULUTSA: Mwatchula kujambula. Zithunzi zimalowa pati?

MLENDO: Masiku ano anthu ambiri amayamba kuona nyumba pafoni, pa Property24 kapena Private Property, ali pabedi usiku, chala chikungokankha. Nyumba za mu complex imodzi zimatuluka motsatizana, zofanana, ndiye chithunzi chanu choyamba chikakhala chamdima amadutsa osaima. Zonse takambazi zichitike kaye, kujambula kubwere pambuyo. Ejenti akafulumira kuti ajambule lero lomwe, muuzeni adikire mpaka Loweruka. Ajambule masana, chivundikiro cha chimbudzi chili chotseka, zovala zitachotsedwa pakhonde, mbale zitachoka pasinki. Ndipo muzione zithunzizo zisanaikidwe. Nyumba ndi yanu, komishoni mulipira ndinu.

Ponena za ejenti, mufunseni akuonetseni Fidelity Fund Certificate yake imene nthawi yake sinathe. Imaperekedwa ndi bungwe loyang'anira ntchito imeneyi, PPRA, ndipo wopanda pepalali lamulo silimulola kugwira ntchitoyi kapena kulandira komishoni. Kukhala wakwathu kapena wa mpingo umodzi sikulowa m'malo mwa pepalalo.

[KANYIMBO KAFUPI]

WOULUTSA: Mayi, pali funso limene ndikudziwa kuti omvera ena ali nalo koma sangalifunse mokweza. Siling'i ili ndi banga la madzi. Munthu angopakapo penti, kodi walakwa?

MLENDO: Akapaka atakonza chimene chikudontha, sanalakwe. Akapaka kuti abise, walakwa, ndipo zimubwerera. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo ogula nyumba za mtunduwu anaphunzira kung'amba mkuyuwo. Mvula ya ku Gauteng imagwa mwamphamvu kuyambira cha mu October mpaka March, nthawi zina ndi matalala, ndipo banga lobisidwa limatulukanso mvula yoyamba. Kuyambira February 2022, pamene lamulo la Property Practitioners Act la 2019 linayamba kugwira ntchito, ejenti sayenera kulandira ntchito yogulitsa nyumba yanu musanadzaze ndi kusaina fomu youlula zolakwika zimene mukuzidziwa: denga lodontha, chinyontho m'makoma, mavuto a mapaipi ndi magetsi, ming'alu, ndi zimene munamanga mowonjezera. Fomuyo imaonetsedwa kwa wofuna kugula ndipo imamatidwa ku mgwirizano. Anthu ena amadalira mawu aja a mu mgwirizano akuti nyumba yagulitsidwa voetstoots, momwe ilili. Mawu amenewo sateteza munthu amene ankadziwa vuto n'kulibisa dala.

Ubwino wake, mu complex banga la pasiling'i nthawi zambiri gwero lake si lanu. Ngati madzi akuchokera padenga kapena pakhoma la kunja, imeneyo ndi ntchito ya body corporate. Ngati akuchokera m'bafa la mnzanu wa pamwamba, ndi nkhani ya iyeyo. Ngati ndi giza yanu, ndi yanu. Pezani gwero, lembani kalata, likonzedwe, pakani penti, ndipo kalatayo ndi lisiti musunge. Wogula akafunsa, mumuonetse. Munthu akaona kuti vuto linalipo ndipo linakonzedwa mwadongosolo, mtima umakhala pansi kuposa akangouzidwa kuti kulibe vuto lililonse.

Apa ndichenjezenso amene anatseka khonde ndi magalasi n'kulisandutsa chipinda, kapena anamanga kachipinda pamalo oimika galimoto kuti m'bale azigonapo. Ngati panalibe chilolezo cha body corporate ndi mapulani ovomerezeka, chimene mukuchiyesa chokometsera nyumba chikhoza kuimitsa malonda onse. Nenani kwa ejenti pachiyambi pomwe, muone ngati chingavomerezedwe kapena ngati kuli bwino kuchichotsa.

WOULUTSA: Zikuoneka kuti mapepala nawonso ali m'gulu la maonekedwe.

MLENDO: Kwambiri, ndipo ine ndimawaika pamwamba pa penti. Munthu wogula nyumba ya mumpanda akulowa m'gulu la anthu amene sawadziwa, ndipo ngongole zawo zidzakhala zakenso. Wogula wochenjera asanafike ndi kuchipinda chogona amafunsa kuti levy ndi zingati, ikuphatikiza chiyani, ndipo kodi pali special levy, ndalama yapadera imene eni nyumba amasonkha pakagwa ntchito yaikulu monga kukonza madenga kapena kupenta complex yonse. Mwini nyumba akayankha kuti sindikudziwa bwino, ndifunsa, chidwi chija chimazirala.

Lamulo la Sectional Titles Schemes Management Act la 2011, limene linayamba kugwira ntchito mu October 2016, limalamula body corporate iliyonse kukhala ndi thumba la ndalama zosungira ntchito zam'tsogolo komanso pulani ya zaka 10 ya zokonza. Inu monga mwini nyumba muli ndi ufulu wopempha mapepala amenewa. Pemphani malipoti a zachuma a chaka chatha, zokambirana za msonkhano wa pachaka, malamulo a khalidwe a mu complex, ndi sitetimenti yanu ya levy. Ikani zonse m'fayilo imodzi, ikhale patebulo tsiku loonetsa nyumba. Mabanki ena amafuna kuona malipoti omwewo asanavomereze ngongole, ndiye mwafupikitsanso njira. Malamulo a khalidwe aja muwawerenge nokha, chifukwa mafunso amachokera m'menemo. Kodi galu amaloledwa? M'malo ambiri pamafunika chilolezo cholembedwa cha ma trustee, ndipo chimene munapatsidwa inu sichingopita chokha kwa wogula. Kodi kadimba ka kuseri ndi malo oimika galimoto zinalembedwa kuti ndi zogwiritsa ntchito inu nokha, kapena mwangozolowera kuimikapo? Ndaonapo malonda akusokonekera pa funso limeneli lokha, wogula atamva kuti malo achiwiri oimika galimoto amene anauzidwa ndi a alendo.

Ndipo levy yanu ikhale yolipidwa. Nyumba singasinthidwe dzina ku Deeds Office popanda umboni woti ndalama zonse za body corporate zaperekedwa kapena pakonzedwa njira yoperekera. Ku khonsolo nakonso pamafunika satifiketi yosonyeza kuti mulibe ngongole ya msonkho wa malo. Satifiketi ya magetsi ndi udindo wa wogulitsa, ndipo isapitirire zaka 2 chiperekedwere. Ngati muli ndi gasi wolumikizidwa m'nyumba, ali ndi satifiketi yakeyake. Amene ali ku Cape Town, khonsolo ya kumeneko imafunanso ya mapaipi a madzi. Muitaneni wamagetsi msanga, asadzakudzidzimutseni ndi bilu mgwirizano utasainidwa kale. Ngati nyumba idakali pa ngongole, dziwitsani banki kuti mukufuna kugulitsa, chifukwa mabanki amafuna chidziwitso cha masiku 90, apo ayi amakulipitsani chiwongoladzanja chowonjezera.

WOULUTSA: Pali omvera ena amene anabwerera kale kumudzi, nyumba anasiyamo alendi. Iwowa atani?

MLENDO: Imeneyo ndiyo yovuta kwambiri. Mlendi alibe chifukwa chokometsera nyumba imene ikagulidwa mwina asamuka. Ena amachita kusiya mbale dala, kapena kuuza ofuna kugula zoipa zonse za complex. Simungamukakamize kukolopa, ndipo simungalowetse anthu popanda kumudziwitsa nthawi yabwino. Chimene chimathandiza n'kulankhula naye poyera ejenti asanafike. Mumuuze kuti lamulo la kuno limamuteteza, mgwirizano wake wa lendi suthera pa kugulitsidwa kwa nyumba, wogula amaulandira mpaka nthawi yake itakwana. Mugwirizane masiku oonetsa nyumba, mwina awiri pa sabata. Eni nyumba ena amachotserako pang'ono lendi ya miyezi imeneyo kapena kulipira munthu wodzakonza m'nyumba tsiku loti kubwera alendo, ndipo ndalama imeneyo ine ndimaiona kuti siyotayika. Ngati mgwirizano watsala pang'ono kutha ndipo thumba likulola, dikirani atuluke, mupente, mugulitse ili yopanda munthu. Komanso musayendetse zonsezi pa WhatsApp muli ku Kasungu popanda munthu wodalirika woti akaone ndi maso ake mmene nyumbayo ilili.

WOULUTSA: Tsiku lenilenilo likafika?

MLENDO: Kuno mwambo wake ndi Lamulungu masana, kawirikawiri kuyambira 2 koloko mpaka 5 koloko, ngakhale ma complex ambiri tsopano salola anthu kungolowa, amafuna kuti aliyense apangane nthawi ndi ejenti. Funsani malamulo a kwanuko, ndi za zikwangwani zomwe. Uzaniko anansi a mbali zonse ziwiri. Wailesi ya mnzanu ikamagunda kukhoma, kapena zochapa zake zikalendewera pakhonde moyang'anizana ndi zenera lanu, wogula amawerengera inu. Mnansi amene mwamupempha mwaulemu nthawi zambiri amathandiza. Ziphaso, mapasipoti, makiyi a galimoto, malaputopu, mankhwala ndi ndalama, tsekerani kapena nyamulani, chifukwa si onse olowa amene abwera kudzagula.

Kenako inuyo chokani. Apa anthu athu amavutika, chifukwa kwathu mlendo sasiyidwa yekha, timamupatsa mpando, timafunsa za kumene achokera, timatereka tiyi. Koma wogula, mwini nyumba akakhala pomwepo, amachita manyazi. Satsegula kabati, sayesa mpopi wa m'bafa kuti aone mphamvu ya madzi, sangauze mkazi wake kuti chipinda ichi n'chaching'ono, ndipo amatuluka msanga mafunso ake osayankhidwa. Mwini nyumba nayenso amalankhula zambiri. Amangopezeka wanena kuti tikufulumira, tikubwerera kumudzi mwezi wamawa, ndipo wogula wamva kuti munthuyu alandira mtengo uliwonse. Tengani ana ndi galu, pitani kwa anzanu, foni ikhale yotsegula kuti ejenti akakhala ndi funso akupezeni. Ngati mukugulitsa nokha popanda ejenti, musakhale nokhanokha m'nyumba, pakhale wina wamkulu. Alandireni, aonetseni fayilo ija, kenako muime panja pakhonde muwasiye azungulire.

WOULUTSA: Nanga omvera a kumudzi amene ali ndi nyumba zogundizana mumpanda umodzi ku Area 43 kapena ku Namiwawa, zimenezi zikuwakhudza?

MLENDO: Malamulo ndatchulawa ndi a ku South Africa, asawatenge ngati a kwathu, afunse loya wa komweko. Koma za geti, mlonda, fungo, katundu wodzaza m'chipinda ndi banga la pasiling'i, zimenezo angazigwiritse ntchito mawa lomwe, kaya akugulitsa kaya akufuna mlendi watsopano. Kwathu awonjezerepo thanki ya madzi ndi jenereta: wobwera kudzaona adzafunsa kuti ndi za ndani, ndipo zikawonongeka amalipira ndani. Yankho likhale lokonzeka, ndipo likhale lolembedwa.

WOULUTSA: Mayi, nthawi yatithera.



Sabata yamawa nthawi ngati yomweyino tidzakamba za mbali inayo, ya wogula: zimene muyenera kuwerenga mu mgwirizano musanasaine. Tsalani bwino.

[NYIMBO YOTSEKERA]